Hans Eysenck, zolemba zake ndi kutchulidwa kwake: mafunso ndi mayankho

Dzina la Hans Eysenck silisowa m'mabuku a maphunziro a zamaganizo. Wophunzira amakumana nalo m'chaka choyamba chenicheni, amauzidwa kuti uyu ndi mmodzi mwa akatswiri otchulidwa kwambiri padziko lonse, kenako n'kudzamva kuti mapepala ena a munthu yemweyo adachotsedwa m'magazini. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza munthu akamva zinthu ziwirizi.

Kodi Hans Eysenck anali yani?

Adabadwira ku Berlin pa 4 Malichi 1916 ndipo adamwalira ku London pa 4 Seputembala 1997. Adachoka ku Germany mu 1934, chipani cha Nazi chitatenga boma, nakakhazikika ku England. Digiri yake ya PhD adaipeza ku University College London pansi pa Cyril Burt. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse adagwira ntchito pa chipatala cha Mill Hill, pomwe ankayeza asilikali ovutika maganizo, ndipo nkhondo itatha adapita ku chipatala cha Maudsley. Kuyambira 1955 mpaka 1983 anali pulofesa ku Institute of Psychiatry, sukulu imene lero ili pansi pa King's College London.

Dipatimenti imene adaitsogolera ndiyo idayala maziko a maphunziro a clinical psychology, nthambi yoyeza ndi kuthandiza anthu ovutika maganizo, ku Britain. Iye mwini sanali munthu wokhala pansi ndi odwala tsiku ndi tsiku. Mbali yophunzitsa za kuchipatala inkayendetsedwa ndi Monte Shapiro, mbadwa ya ku South Africa, ndipo Stanley Rachman, wochokera ku Johannesburg, adadzakhala mmodzi mwa anzake apantchito apamtima. Eysenck anali munthu wa manambala, wa cholembera ndi wa mikangano.

Adalemba zochuluka bwanji?

Mabuku pafupifupi 80, ndi mapepala a kafukufuku opitirira 1,000. Ena akawerenga amafika pa 1,600. Ngakhale titatenga nambala yaing'onoyo, ndiye kuti kwa zaka zoposa 55 mwezi sunkatha osatulutsa pepala.

Mwa mabuku amene amatchulidwabe muli Dimensions of Personality la 1947, Uses and Abuses of Psychology la 1953, limene adalembera anthu wamba, ndi The Biological Basis of Personality la 1967. Sadaime pa matenda a maganizo okha. Adalemba za nzeru, za umbanda, za ndale, za kusuta fodya, mpaka za kukhulupirira nyenyezi. Adayambitsanso magazini awiri amene akutulukabe mpaka pano: Behaviour Research and Therapy mu 1963, ndi Personality and Individual Differences mu 1980.

Munthu mmodzi angalembe bwanji zonsezi?

Sanali yekha. Anali ndi dipatimenti yodzaza ndi ophunzira a PhD ndi omuthandiza amene ankasonkhanitsa zotsatira. Mkazi wake, Sybil Eysenck, anali katswiri payekha ndipo adalemba naye mapepala ambiri. Mabuku ochuluka ankachita kulankhula, wina n'kumataipa. Komanso mfundo imodzi ankatha kuibwereza m'malo angapo: m'magazini, m'mutu wa buku, kenako m'buku la anthu wamba.

Pali china chimene tiyenera kuchinena poyera. Mapepala ake angapo adatuluka m'magazini amene iye adayambitsa. Zimenezi si mlandu pazokha, koma pepala la mwini magazini kapena la bwenzi la akonzi silikumana ndi mpanda wofanana ndi umene wofufuza wachilendo amakumana nawo. Mfundo imeneyi ibweranso pa funso la kuchedwa kwa kufufuza.

Kodi citation n'chiyani, ndipo amawerenga ndani?

Wofufuza akalemba pepala amatchula mapepala ena amene wadalira, wagwiritsa ntchito kapena akuwatsutsa, nawandandalika kumapeto. Kutchulidwa kamodzi koteroko ndiko citation imodzi. Amene adayambitsa kuwerenga zimenezi mwadongosolo ndi Eugene Garfield wa ku Philadelphia, yemwe adatulutsa Science Citation Index mu 1964. Ntchito yake ndiyo lero imatchedwa Web of Science. Mu 2004 kudabwera ena awiri: Scopus ya kampani ya Elsevier, imene imalipiritsa, ndi Google Scholar, imene aliyense wa intaneti angatsegule mwaulere.

Makinawa amangowerenga kuti dzina latchulidwa. Safunsa chifukwa chake.

Nanga Eysenck adatchulidwa kochuluka bwanji?

Umboni umene anthu amaudalira kwambiri ndi kafukufuku wa Steven Haggbloom ndi anzake, amene adatuluka mu 2002 m'magazini ya Review of General Psychology. Iwo adasanja akatswiri a zamaganizo a zaka za m'ma 1900. Pa kutchulidwa m'magazini a kafukufuku, Eysenck anali wachitatu, kumbuyo kwa Sigmund Freud ndi Jean Piaget basi. Ataphatikiza zoyezera zina, monga kutchulidwa m'mabuku ophunzitsira ndi maganizo a akatswiri anzake, adatsika kufika pa nambala 13, ndipo woyamba adakhala B. F. Skinner.

Kusiyana kwa 3 ndi 13 kukuonetsa kale kuti kutchulidwa ndi kulemekezedwa si chinthu chimodzi. Pa nthawi imene ankamwalira, iye ndiye ankadziwika kuti ndi katswiri wa zamaganizo wotchulidwa kwambiri mwa amene anali moyo.

Ndimamva za h-index. Imawerengedwa bwanji?

Adaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa physics ku San Diego, mu 2005. Eysenck adamwalira isanabwere, choncho h-index iliyonse imene mungaione pa dzina lake idawerengedwa iye kulibe.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Sanjani mapepala a munthu kuyambira lotchulidwa kwambiri. Ngati ali ndi mapepala 10 amene lililonse latchulidwa ka 10 kapena kupitirira, koma alibe 11 otchulidwa ka 11, h-index yake ndi 10. Munthu wa pepala limodzi lotchulidwa ka 5,000 ndi ena onse osatchulidwa ali ndi h-index ya 1. Hirsch ankafuna nambala imene siinganyengedwe ndi pepala limodzi lamwayi kapena ndi mulu wa mapepala opanda owerenga.

Vuto lake n'lakuti nambalayi sitsika. Munthu akhoza kusiya ntchito, kumwalira, ngakhale kupezeka kuti adalakwitsa, h-index yake n'kumakwerabe. Imakonderanso amene akhala nthawi yaitali pantchito, ndiponso amene ali m'nthambi za anthu ambiri. Kuyerekeza h-index ya katswiri wa zamaganizo ndi ya katswiri wa masamu n'kungotaya nthawi.

Bwanji manambala a munthu yemweyo amasiyana pa Google Scholar, Scopus ndi Web of Science?

Chifukwa sawerenga zinthu zofanana. Google Scholar imatola chilichonse chimene yachipeza: mabuku, ma thesis, malipoti, nthawi zina pepala limodzi kawiri. Scopus ndi Web of Science zimawerenga makamaka magazini amene zidawasankha, ndipo mabuku akale sizimawagwira bwino. Kwa munthu ngati Eysenck, amene mbiri yake yaikulu ili m'mabuku ndi m'timabuku tofotokoza zida zoyezera, kusiyanako kumakhala kwakukulu. Mukatchula nambala, nenani kumene mwaitenga ndi tsiku lake.

Pa dzina ili pali msampha winanso. A Eysenck olemba za maganizo alipo atatu: H. J. Eysenck, mkazi wake S. B. G. Eysenck, ndi mwana wake M. W. Eysenck, amene ndi Michael, katswiri wodziwika pa za nkhawa ndi kaganizidwe, wolembanso mabuku ophunzitsira. Mukangolemba dzina la bambo lokha pofufuza, ntchito za anthu atatu zimasakanikirana. Nambala za ORCID, zimene zimapatsa wofufuza aliyense chizindikiro chakechake ndipo zidayamba mu 2012, zidabwera kudzathetsa chisokonezo chotere, koma zimathandiza kwambiri ofufuza a masiku ano.

Ndi zolemba ziti zimene zidamubweretsera ma citation ambiri?

Gawo lalikulu ndi zida zoyezera chikhalidwe cha munthu: Eysenck Personality Inventory ya 1964 ndi Eysenck Personality Questionnaire ya 1975, imene anthu amangoti EPQ. Zonse ziwiri adapanga ndi Sybil. Ndi mndandanda wa mafunso oyankha kuti inde kapena ayi, oyeza ngati munthu ndi wokonda kucheza kapena wofatsa, ngati mtima wake umagwedezeka msanga, komanso, mu EPQ, ngati ndi wouma mtima. Mulinso mafunso ogwira munthu wofuna kudzionetsa wabwino. EPQ idamasuliridwa m'zinenero zambiri ndipo idayesedwa m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Nigeria ndi Uganda.

Aliyense wogwiritsa ntchito chida chotere ayenera kutchula amene adachipanga, kaya akugwirizana ndi maganizo ake kapena ayi. N'chifukwa chake mapepala a zida ndi njira zoyezera ndiwo amatsogola pafupifupi m'nthambi zonse za sayansi. Pepala la Aaron Beck la 1961, lofotokoza chida choyezera matenda a kukhumudwa, lili m'gulu lomweli. Pamene magazini ya Nature idasanja mapepala otchulidwa kwambiri mu 2014, loyamba silinali la Einstein: linali la Oliver Lowry la 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni, lotchulidwa kopitirira ka 300,000.

Pepala lake la 1952 limatchuka chifukwa chiyani?

Ndi pepala lalifupi, la masamba ochepa, lotchedwa The Effects of Psychotherapy: An Evaluation, ndipo lidatuluka mu Journal of Consulting Psychology. Eysenck adasonkhanitsa malipoti 24 okhudza odwala oposa 7,000 a nkhawa, mantha ndi mavuto ofanana nawo. Adapeza kuti mwa odwala amene adalandira chithandizo cha njira ya Freud, 44 pa 100 alionse ndiwo adapeza bwino. Mwa amene adathandizidwa ndi njira zosakaniza, anali 64 pa 100. Koma mwa amene adangosamalidwa m'chipatala kapena ndi dokotala wamba, popanda chithandizo chapadera cha kukambirana, anali 72 pa 100. Adamaliza ndi kunena kuti odwala awiri mwa atatu amachira mkati mwa zaka ziwiri kaya athandizidwa kapena ayi, ndipo palibe umboni woti chithandizo cha kukambirana chimathandiza.

Mawuwa adakwiyitsa anthu ambiri, ndipo otsutsa anali ndi mfundo zomveka. Magulu amene adawayerekeza sanali ofanana. Gulu lina la "osathandizidwa" linali la anthu olandira ndalama za inshuwalansi, amene madokotala awo ankawapatsa mankhwala, uphungu ndi chilimbikitso. Gulu lina linali la otulutsidwa m'zipatala za boma, ndipo kutulutsidwa si kuchira. Kwa odwala a njira ya Freud, amene adasiyira panjira adawawerenga ngati olephera, zomwe zidatsitsa nambala.

Komabe pepalali lidachita ntchito imene mapepala ambiri olondola sadaichite. Lidakakamiza ochiritsa kuyeza zotsatira zawo moyenera, ndi gulu loyerekezera. Mu 1977 Mary Lee Smith ndi Gene Glass adaphatikiza makafukufuku 375 pogwiritsa ntchito njira yatsopano ya meta-analysis, yowerengera pamodzi zotsatira za makafukufuku ambiri, napeza kuti munthu wothandizidwa amakhala bwino kuposa anthu pafupifupi 75 pa 100 a amene sadathandizidwe. Eysenck adayankha mu 1978 monyoza njirayo. Lero meta-analysis ili paliponse m'zaumoyo, ndipo funso loti chithandizo cha kukambirana chimathandiza lidayankhidwa kuti inde. Chimene Eysenck adapambana nacho n'chakuti njira ya behaviour therapy, yothandiza munthu kusintha zizolowezi zomuvutitsa, imene ankailimbikitsa, idakula n'kukhala muzu umodzi wa CBT ya masiku ano, chithandizo chosintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka munthu.

Kodi kutchulidwa kwambiri sikusonyeza kuti munthu anali wolondola?

Ayi. Pabwalo la milandu dzina limene limamveka kwambiri likhoza kukhala la mboni yodalirika, likhozanso kukhala la woimbidwa mlandu, ndipo wongowerenga kuti latchulidwa kangati sangasiyanitse. Ma citation ambiri a pepala la 1952 ndi a anthu oliyankha, olikonza kapena olitchula ngati mbiri chabe. A EPQ ndi a anthu obwereka chida. A mapepala a khansa, amene tikufika, ndi osakanikirana: ena owakhulupirira, ena owakayikira.

Chimene nambala yaikulu imatsimikiza n'chakuti anthu sadathe kumulambalala munthuyo. Chimenecho ndi chinthu chenicheni, ndipo sitiyenera kuchipeputsa. Koma kuti mudziwe ngati adanena zoona muyenera kutsegula mapepala amene amutchula n'kuona zimene akunena.

Mapepala a khansa ndi matenda a mtima ankanena chiyani?

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Eysenck adalemba mapepala ambiri ndi Ronald Grossarth-Maticek, wofufuza wa ku Heidelberg ku Germany. Zotsatira zake zidachokera ku kafukufuku amene Grossarth-Maticek adati adachita ku Crvenka, m'dziko limene linali Yugoslavia, ndi ku Heidelberg. Eysenck sadasonkhanitse yekha zotsatirazo. Iye adabweretsa dzina, cholembera ndi njira yolowera m'magazini a Chingerezi.

Ankanena kuti pali chikhalidwe cha munthu chimene chimaitana khansa, cha munthu wosunga zinthu mumtima ndi wotaya mtima msanga, ndi china chimene chimaitana matenda a mtima, cha munthu waukali. Manambala ake ndiwo adadabwitsa anthu. Anthu a chikhalidwe cha khansa akuti ankafa ndi khansa kuwirikiza ka 121 poyerekeza ndi a chikhalidwe chathanzi, ndipo a chikhalidwe cha mtima ankafa ndi matenda a mtima kuwirikiza ka 27. Kuti muone kukula kwake: kusuta fodya, kumene kuli ndi umboni wolimba kwambiri m'mbiri ya zaumoyo, kumachulukitsa chiopsezo cha khansa ya m'mapapo pakati pa ka 15 ndi ka 30.

Sadalekere pomwepo. Mu 1991, m'magazini ya Behaviour Research and Therapy, adafotokoza za chithandizo cha kukambirana chimene akuti chinkateteza ku khansa. Mwa anthu 50 amene adachilandira, palibe ndi mmodzi yemwe amene adafa ndi khansa patatha zaka 13, pamene mwa 50 osalandira adafa 16. Adanenanso kuti ngakhale kapepala kolembedwa malangizo, pamodzi ndi maola ochepa okambirana, kankachepetsa imfa kwambiri. Palibe gulu lina la ofufuza limene lidapezapo zotsatira zoyandikira izi.

Nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. Munthu wodwala khansa akamva kuti matendawo adabwera chifukwa cha mtima wake amasenza mlandu umene si wake. Wosuta akamva kuti vuto ndi chikhalidwe amapeza chifukwa chopitirizira.

Makampani a fodya akulowa bwanji?

Richard Doll ndi Austin Bradford Hill adaonetsa kugwirizana kwa kusuta ndi khansa ya m'mapapo mu 1950, ndipo adatsimikiza ndi kafukufuku wa madokotala a ku Britain mu 1954. Eysenck adakana kwa moyo wake wonse kuti umboniwo ndi wokwanira. Mu 1965 adatulutsa buku la Smoking, Health and Personality, momwe ankati mwina chibadwa chimodzi ndicho chimachititsa munthu kusuta komanso kudwala.

Zikalata za makampani a fodya a ku America, zimene zidatulutsidwa poyera chifukwa cha milandu ya m'zaka za m'ma 1990, zikuonetsa kuti adalandira ndalama zawo kwa zaka zambiri, zina kudzera kwa maloya awo. Iye ankati komwe kwachokera ndalama kulibe ntchito bola kafukufuku achitike bwino. Zikalata zomwezo zikuonetsa kuti akatswiri ena amene makampaniwo adawafunsa adakayikira zotsatira za ku Heidelberg. Masiku ano magazini odalirika amafuna wolemba aulule amene wamupatsa ndalama, ndipo mzere umenewo, umene umakhala kumapeto kwa pepala, ndi woyenera kuuwerenga musanayambe pepalalo.

Ngati manambala anali okayikitsa chonchi, bwanji zidatenga zaka pafupifupi 30?

Okayikira adalankhula msanga. Mu 1991 magazini ya Psychological Inquiry idapereka kope lonse ku nkhaniyi, ndipo akatswiri angapo adaonetsa zosagwirizana m'manambalawo. Mu 1992 madokotala awiri a matenda a maganizo, Anthony Pelosi ndi Louis Appleby, adalemba mu British Medical Journal kuti zotsatira zotere n'zovuta kuzikhulupirira. Mu 1995 Pelosi adakadandaula ku British Psychological Society, koma bungwelo silidafufuze. Patatha zaka ziwiri Eysenck adamwalira, nkhani n'kuzizira.

Apa ndi pamene kutchuka kumaonetsa mbali yake yoopsa. Munthu wotchulidwa kwambiri, woyambitsa magazini, amene ophunzira ake adakhala mapulofesa ndi akonzi, safufuzidwa mwachangu ngati mmene angachitire wofufuza wachinyamata. Manambala amene ankayenera kungoyeza ntchito yake adasanduka chishango. Zidafunika kuti Pelosi alembenso mu 2019, mu Journal of Health Psychology, ndi kuti mkonzi wa magaziniyo, David Marks, alembere King's College London kalata yapoyera, kuti china chichitike.

King's College London idapeza chiyani, ndipo mapepala angati adachotsedwa?

Komiti imene sukuluyo idakhazikitsa idamaliza lipoti lake mu Meyi 2019. Idati mapepala 26 ndi osadalirika, ndipo idalangiza kuti akonzi a magazini adziwitsidwe. Zifukwa zake zinali ziwiri zikuluzikulu: kukayikitsa kwa kasonkhanitsidwe ka zotsatira, ndi kusagwirizana kwa zimene adapezazo ndi zimene sayansi ya matenda ikudziwa. Komitiyo idangoona mapepala a m'magazini amene Eysenck adalemba ndi Grossarth-Maticek akugwiritsa ntchito dzina la Institute of Psychiatry. Mabuku ndi mapepala amene adalemba yekha pa nkhani yomweyi sidawakhudze. Marks, pamodzi ndi Rod Buchanan amene adalemba mbiri ya moyo wa Eysenck mu 2010, adati zolemba zoyenera kuchotsedwa ndi 87. Grossarth-Maticek adakana zonse zimene ankamunenazo.

Mu 2020 mapepala 14 adachotsedwa, ambiri mwa iwo m'magazini a Psychological Reports ndi Perceptual and Motor Skills, ndipo ena opitirira 60 adaikidwa chenjezo. Si magazini onse amene adatsatira. Personality and Individual Differences, ija adayambitsa yekha, sidachotse mapepala amene komiti idawatchula.

Pepala likachotsedwa, ma citation ake amafafanizidwa?

Safafanizidwa. Pepalalo limakhalabe pa intaneti, loikidwa chizindikiro, ndipo ma citation akale amawerengedwabe mu h-index ya wolemba. Atsopano amabwerabe, chifukwa anthu ambiri amakopera mndandanda wa mabuku kuchokera m'mapepala a ena osatsegula pepala lenilenilo, kapena amagwiritsa ntchito PDF imene adasunga kalekale. Pepala la Andrew Wakefield la 1998, lonamizira katemera kuti amayambitsa autism, lidachotsedwa mu The Lancet mu 2010, koma likutchulidwabe.

Kwa Eysenck, mapepala 14 pa oposa 1,000 sangagwedeze nambala yake ngakhale pang'ono. Amene angangoona nambalayo sangadziwe kuti pali chimene chidachitika.

Nanga zimene adalemba za nzeru za anthu akuda?

Funso ili limafunsidwa ndi mtima wowawa, ndipo n'loyenera. Mu 1971 adatulutsa buku la Race, Intelligence and Education, momwe adatsatira maganizo a Arthur Jensen, amene adagwirapo ntchito mu dipatimenti yake, akuti kusiyana kwa mapointi a mayeso a nzeru otchedwa IQ pakati pa akuda ndi azungu a ku America kukhoza kukhala kochokera m'magazi. Mu 1973 adamenyedwa akukamba nkhani ku London School of Economics. Adalandiranso ndalama kuchokera ku Pioneer Fund, bungwe la ku America lodziwika ndi kuthandiza kafukufuku wa tsankho.

Mfundo yakeyo ilibe maziko olimba. Kuti chinthu chimatengera kumakolo mkati mwa gulu limodzi sizitanthauza kuti kusiyana kwa magulu awiri n'kwachibadwa, makamaka pamene gulu limodzi lidamanidwa sukulu, chakudya chokwanira ndi ufulu kwa mibadwo. James Flynn adaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti mapointi a IQ akwera kwambiri m'mayiko ambiri mkati mwa mibadwo yochepa, mofulumira kuposa mmene magazi angasinthire. Bukuli nalo lidatchulidwa kwambiri, ndipo ma citation amenewo ali m'kati mwa nambala ija ya malo achitatu.

Ndiye titaye zonse zimene adalemba?

Ayi, koma tizigawe. Mbali ziwiri za chikhalidwe zimene adalimbikira kuyambira 1947, kukonda kucheza ndi kugwedezeka mtima, zapezekanso m'makafukufuku a magulu ena ambiri osadalira iye, ndipo zili m'gulu la mbali zisanu zimene akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito lero. Mbali yachitatu, ya kuuma mtima, siidalimbe chimodzimodzi. Kuumirira kwake kuti chithandizo chiziyesedwa ndi umboni kudapindulira odwala. Ntchito ya khansa, mtima ndi fodya ndi yosadalirika, ndipo ya mitundu ya anthu idavulaza.

Choyezera chake n'chimodzi pa zonsezi: kodi anthu ena, osagwirizana naye ndi osadya naye, adapeza zomwezo atayesa okha? Pamene yankho lili inde, dzina la Eysenck silifunikanso kuti mfundoyo iime.

Kodi mayunivesite aleke kugwiritsa ntchito manambalawa pokweza anthu pantchito?

Ambiri akufuna kuti achepetse. Chikalata cha DORA, chimene chidalembedwa ku San Francisco mu 2012, chimapempha kuti munthu asayezedwe ndi impact factor ya magazini imene walembamo, nambala yosonyeza mmene mapepala a magaziniyo amatchulidwira. Leiden Manifesto ya 2015 imati manambala azithandiza chiweruzo cha akatswiri, osati kulowa m'malo mwake.

Kwa ofufuza a ku Africa pali chifukwa china chowonjezera. Magazini ambiri a kuno, ngakhale amene ali pa African Journals Online, sawerengedwa ndi Scopus kapena Web of Science. Munthu amene wamasulira chida choyezera kukhumudwa m'Chichewa n'kuchiyesa bwino m'zipatala akhoza kutchulidwa kochepa, pamene anamwino akugwiritsa ntchito chidacho tsiku lililonse. Komiti yokweza anthu imene siwerenga mapepalawo siingaone phindu limenelo.

Ndikulemba thesis. Ndingadziwe bwanji ngati pepala lake lili bwino, ndipo ndingalitchule?

Yambani ndi tsamba la magazini yeniyeniyo, osati PDF imene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp, chifukwa chenjezo limaikidwa patsambalo. Magazini ambiri ali ndi batani la Crossmark losonyeza ngati pepala lidakonzedwa kapena kuchotsedwa. Kenako lembani dzina la wolemba mu Retraction Watch Database, imene ndi yaulere. Tsamba la Retraction Watch adaliyambitsa Ivan Oransky ndi Adam Marcus mu 2010, ndipo mu 2023 bungwe la Crossref lidatenga nkhokweyo n'kuitsegulira aliyense. PubMed, nkhokwe ya mapepala a zaumoyo, nayo imaika chizindikiro, ndipo pulogalamu ya Zotero imakuchenjezani ngati pepala limene mwasunga lidachotsedwa.

Pa Eysenck musadalire zizindikirozo zokha, pa chifukwa chimene chafotokozedwa pa funso la King's College London: zolemba zambiri zodalira zotsatira za ku Crvenka ndi Heidelberg zilibe chizindikiro chilichonse, makamaka mabuku. Mukaona dzina la Grossarth-Maticek pa olemba, kapena mizinda iwiriyo m'gawo lofotokoza njira, musagwiritse ntchito pepalalo ngati umboni. Mukhoza kulitchula pofotokoza mbiri ya nkhaniyi, bola munene m'chiganizo chomwecho kuti lidachotsedwa kapena kuti lili m'gulu lokayikiridwa, ndipo muike chidziwitso cha kuchotsedwako pa mndandanda wanu.

Pepala la 1952 silidachotsedwe. Litchuleni ngati chiyambi cha mkangano, pamodzi ndi la Smith ndi Glass la 1977. Ngati mukugwiritsa ntchito EPQ, tchulani kabuku kake ka 1975 ndi mayina onse awiri, H. J. Eysenck ndi S. B. G. Eysenck, ndipo mufotokoze ngati mafunsowo adamasuliridwa ndi kuyesedwa pakati pa anthu a chinenero chimene mukufufuzacho. Ngati sadayesedwe, yezani kudalirika kwake pa gulu lanu musanayambe kumasulira zotsatira, ndipo mulembe zimenezo m'mutu wa njira zofufuzira.